Mutu 11: Thumba Limodzi, Mitengo Iwiri

Pamsika wa Kasungu, mayi wogulitsa tomato akaona kasitomala wake wa masiku onse amaponya awiri kapena atatu pamwamba pa mulu. Wapachigayo nayenso amadziwa amene amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene ndalama yaperewera amangoti, "Gayitsani amayi, yotsalayo mudzabweretsa." Palibe amene anaimbidwapo mlandu chifukwa chopereka basela. Zonse zimene wogulitsayo akudziwa za kasitomala wake zili m'mutu mwake. Akaweruka amapita nazo kunyumba, zaka zikapita amaziiwala.

Masitolo akuluakulu anatengera mwambo womwewu n'kuuika pa kadi. Ku Britain, Tesco inayambitsa Clubcard mu 1995, ndipo chaka chomwecho Clicks ya ku South Africa inatulutsa kadi yake. Pick n Pay inabwera ndi Smart Shopper mu 2011, kenako Checkers ndi Shoprite zinatulutsa Xtra Savings mu 2019 ndi 2020, ndipo m'zaka zochepa chabe olembetsa anapitirira 20 miliyoni. Mnyamata wa kwa Kaluluma kapena kwa Chulu amene akugwira ntchito ku Joni amazidziwa bwino zimenezi. Akalowa m'sitolo ku Johannesburg amapeza mitengo iwiri pa thumba limodzi la ufa, wotsika wa amene ali ndi kadi, wokwera wa amene alibe. Kadiyo n'njaulere. Amangomufunsa dzina, nambala ya foni ndi nambala ya chiphaso kapena ya pasipoti. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene wagula chimalembedwa pa dzina lake: tsiku, ola, nthambi ya sitolo, kuchuluka kwa katunduyo.

Mndandanda umenewo ndi katundu wamalonda. Amene akuuwerenga atha kudziwa tsiku limene munthu amalandira malipiro, mwezi umene ntchito inamuthera, ngati m'nyumba mwabadwa khanda, ngati muli wodwala, ngati bambo wayamba kumwa kwambiri. Mu 2012 nyuzipepala ya New York Times inafotokoza mmene sitolo ya Target ku America inkadziwira amayi oyembekezera pongoona kusintha kwa zimene akugula, iwo asanauze aliyense. Shoprite ili ndi nthambi yake yotsatsa malonda, Rainmaker Media, imene imathandiza makampani ena kufikira ogula potengera zimene makadi aja asonkhanitsa. Ndipo chosungidwa chimabedwa. Mu June 2022 Shoprite inalengeza kuti anthu osaloledwa anafikira maina ndi manambala a ziphaso za makasitomala ena a ku Zambia, Namibia ndi Eswatini amene ankagwiritsa ntchito njira yake yotumizira ndalama.

N'chifukwa chake m'maiko ambiri anthu akufunsa ngati lamulo liyenera kuletsa kuchotsera mtengo posinthana ndi mbiri ya munthu. Kuno kwathu makadi otere sanafale kwenikweni, ndiye wina angaganize kuti nkhaniyi ndi ya eni ake akunja. Koma malonda osinthanitsa mbiri ndi mtengo wotsika anafika kale m'midzi, ndipo m'zigwa za fodya za ku Kasungu ndi kumene amaonekera poyera.

Kaundula wa mlimi wa fodya

Kwa zaka zambiri mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale. Ulimiwo unali wa maesiteti, ndipo Kasungu anadzaza ndi maesiteti ndi matenanti ochokera m'maboma akutali. Chipata chinatseguka kuyambira mu 1990, alimi anapanga makalabu n'kuyamba kutumiza okha mabelo awo ku okushoni. Mu 2012 boma linavomereza ulimi wa kontirakiti, womwe umatchedwa IPS, ndipo linakonza zoti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a fodya azigulitsidwa mwa njira imeneyi. Lamulo la Tobacco Industry Act la 2019 linakhazikitsa dongosololi. Lero mabelo ambiri olowa pamsika wa Chinkhoma amakhala kuti mwini wogula akudziwika kale, kaya ndi Limbe Leaf, Alliance One, JTI kapena Premium.

Kontirakiti imayamba ndi kulemba. Nthawi ya nazale ikamayandikira, mlangizi wa kampani amafika panjinga yamoto, chipewa choteteza mutu chili m'manja, foni yaikulu kapena tabuleti ili m'chikwama. Amajambula chiphaso cha unzika. Amayenda m'malire a munda wonse, makina aja akulemba pamene mundawo uli ndi kukula kwake. Amaona chigafa, amawerenga mitengo imene yadzalidwa, amafunsa nambala ya foni ndi ya akaunti ya kubanki. Akatero amakhala pampando umene amuikira pakhonde n'kuyamba mafunso apakhomo: "Bambo, ana pano alipo angati? Wamkuluyo ali sitandade chani, kusukulu iti? Aganyu mumalemba angati, mumawalipira bwanji?" Mlimi amayankha zonse, mayi akumvetsera chapatali, chifukwa kumapeto kwa mafunsowo kuli mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole, kuli malangizo a chaka chonse, kulinso msika wotsimikizika. Amene wakana kuyankha amagula feteleza ndi ndalama zake kwa ogulitsa a patauni, pa mtengo umene unalumpha ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kenako n'kukayesa mwayi ku okushoni kumene belo limatha kubwezedwa kangapo.

Mafunso amenewa ali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo n'kulakwa kuwayesa miseche. Pa 1 November 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani za kugwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Makampani anayenera kuonetsa umboni wa kumene belo lililonse lachokera ndi amene analigwirira ntchito, ndipo mu 2020 Alliance One ndi Limbe Leaf anachotsedwa pa chiletsocho. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti posintha lamulo la ntchito. Mwana amene dzina lake lili m'kaundula, ndipo mlangizi amafunsa ngati wapita kusukulu, ali ndi chitetezo chimene mwana wa tenanti wa zaka za m'ma 1980 analibe. Ine ndimakhulupirira kuti kulemba kumeneku kwapulumutsa ana ena ku ntchito yosoka fodya usiku.

Vuto likuyambira pamene mlangizi wakwera njinga yake n'kupita. Mlimi wapereka mbiri ya banja lake lonse, koma iye satsala ndi kalikonse koonetsa zimene zalembedwa. Sadziwa kuti zisungidwa zaka zingati, ziwerengedwa ndi ndani, zidzafika ku banki, kwa a inshulansi, kwa ogulitsa feteleza kapena kwa ogula a kutsidya kwa nyanja. Mlimi akagulitsa mbuzi amadziwa kuti yapita kwa munthu mmodzi ndipo malonda athera pomwepo. Mbiri yake imatha kugulitsidwa lero, mawa n'kugulitsidwanso kwina, wogulitsayo akadali nayo yonse. Ndipo ngati mwalowa cholakwika, mwachitsanzo kuti anazembetsa fodya kwa mavenda pamene sanatero, kapena kuti ali ndi ngongole imene anasiya ndi mnzake wa mukalabu, cholakwikacho chimatha kumutsatira chaka ndi chaka iye osadziwa chimene akumukanira.

Palinso anthu amene sanafunsidwe n'komwe. Amene wasaina kapena kudinda chala ndi bambo. Maina amene alowa ndi a mayi, a ana ndi a waganyu wochokera mudzi wina.

Chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi mphamvu pokambirana mtengo. Chaka chilichonse boma limalengeza mitengo yoyambira ya fodya, ndipo alimi, kudzera m'mabungwe monga TAMA, amadandaula kuti siikugwirizana ndi zimene alowetsa. Pa zokambirana zotere, mbali imodzi imakhala ikudziwa kukula kwa munda wa mlimi aliyense, makilogalamu amene akolole, ngongole imene ali nayo ndi pakamwa pamene akudyetsa. Mbali inayo siidziwa mtengo umene fodya yemweyo akagulitsidwe akapunthidwa ku Kanengo. Amene akudziwa kuti mnzake sangadikire sabata ina amadziwanso pamene angaimitse mtengo. Apa mbiri imene mlimi anapereka kuti apeze feteleza wa ngongole yasanduka chida chimene chingamuchepetsere phindu.

Chiphaso chikasanduka ndalama

Mu 2017 bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni ndi kuwapatsa ziphaso za unzika. Mu 2018 kulembetsa simu kadi kunakhala kokakamiza. Mu 2020 boma linasiya makuponi a mapepala ogulira feteleza wotsika mtengo amene anayamba mu 2005, n'kuyambitsa AIP, pomwe thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495 munthu akaonetsa chiphaso chake kuti makina achiwerenge. Cholinga chinali chabwino, kutseka maina a anthu ongopeka. Koma pasanapite nthawi chiphaso chinapeza mtengo wake pamsika. Mavenda anayamba kuzungulira m'midzi kugula kapena kubwereka ziphaso kwa anthu amene analibe ndalama yoombolera feteleza, ndipo apolisi m'maboma osiyanasiyana akhala akugwira anthu opezeka ndi milu ya ziphaso za eni ake.

Gogo amene anapereka chiphaso chake kwa venda sanachite mopusa. Anawerengera bwinobwino: feteleza sangamuombole, ufa m'nyumba mulibe, ndalama ya venda ili pamaso pake. Chimene sakanatha kuwerengera ndi ulendo wa chiphasocho chikachoka m'manja mwake. Nambala yake itha kulembetsera simu kadi, simu kadiyo n'kutumiza uthenga uja ambirife tinalandirapo, wonena kuti tapata mphoto kapena kuti ndalama ija titumize pa nambala ina. Apolisi akamafufuza, dzina loyamba kutuluka ndi la gogo. Akatapila nawonso anazolowera kusunga chiphaso kapena kadi ya kubanki ngati chikole, makamaka m'miyezi imene alimi akudikira kuti msika wa fodya utsegulidwe.

Ndipo ndalama za fodya zikayamba kutuluka, pa Santhe, pa Chamama, pa Nkhamenya ndi pa boma pamadzaza zimkuzamawu ndi mipikisano. Gulani katundu wakuti, lembani dzina, mudzi ndi nambala ya foni pakapepala, muponye m'bokosi, mwina njinga yamoto ndi yanu. Wopata amakhala mmodzi. Timapepala tinato timakhala mndandanda wa anthu amene ali ndi ndalama m'thumba mwezi umenewo, ndipo palibe amene amafunsa kumene bokosilo limapita.

Kuvomera kwa munthu wanjala

Oikira kumbuyo malonda otere amanena mawu amodzi: anavomera yekha. Mawuwa ali ndi mphamvu, ndipo sindikuwapeputsa. Mlimi wa ku Kasungu ndi munthu wamkulu, amadziwa kuwerengera ndalama kuposa ambiri amene amafuna kumuteteza. Kudziwika kumabweretsanso zabwino. Munthu amene alibe chikalata cha malo kapena malipiro a pamwezi amakongozedwa chifukwa mbiri yake ikuonetsa kuti amabweza, monga mmene Kutapa ndi Pasavute amakongozera mayunitsi potengera mmene nambala yakhala ikugwirira ntchito. Kuchotserako nakonso nthawi zambiri si kwachinyengo. Mu November 2024 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain, CMA, litaunika katundu pafupifupi 50,000 wogulitsidwa pa mitengo ya makadi, linapeza kuti pa zinthu zoposa 9 mwa 10 zilizonse ogula ankapulumutsadi ndalama. Kuletseratu kuchotsera konse kungalande aumphawi kangachepe kamene akupeza.

Koma tione zimene zinachitika ku Kenya. Mu 2023 kampani ya Worldcoin inkajambula mboni za m'maso mwa anthu n'kuwapatsa ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi mashilingi 7,000. Anthu miyandamiyanda anafola ku Nairobi, mpaka boma linaimitsa ntchitoyo mu August chaka chomwecho, ndipo mu 2025 bwalo lalikulu la milandu linalamula kuti zimene zinajambulidwazo zifufutidwe. Onse amene anafola anavomera okha. Chimene bwalo linaona n'chakuti kuvomera kokokedwa ndi ndalama, munthu asanauzidwe bwino zotsatira zake, sikukwanira.

Kuno kwathu n'chimodzimodzi, mwinanso kuposerapo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mapepala ambiri amgwirizano amalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo amasainidwa munthu ali pamzere, anzake akumufulumiza kumbuyo. M'mwezi wa January kapena February, nkhokwe itauma, "inde" amatuluka pakamwa funso lisanathe. Mphunzitsi kapena mwini esiteti atha kukana kadi n'kulipira mtengo wokwera osamva kuwawa. Waganyu sangakane. Zikatero ufulu wosunga chinsinsi umakhala wa okhawo amene ali ndi ndalama yougulira, pamene gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino linaupereka kwa munthu aliyense, osatchula za m'thumba mwake. Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri pa nkhani yonseyi.

Tisaiwalenso kuti mtengo wotsika umakhala wotsika poyerekeza ndi wina. Wogulitsa ndiye amaika mitengo yonse iwiri. Ngati wakweza wa aliyense kuti wa kadi uoneke wokoma, ndiye kuti amene wakana kupereka mbiri yake akulipitsidwa chindapusa, ndipo amene wavomera wangolipira mtengo wakale uja.

Zimene lamulo likunena, ndi pamene liyenera kufika

Malawi sali manja lende. Mu 2016 kunabwera lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe linali ndi ndime zochepa zoteteza mbiri za anthu. Mu 2024 kunakhazikitsidwa Data Protection Act, ndipo udindo woliyang'anira unapatsidwa kwa MACRA. Lamuloli limafuna kuti wotolera mbiri za anthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, atolere zokhazo zofunikira pa cholinga chimene wanena, ndipo azisunge mosamala. Limapatsa munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye, wokonzetsa zolakwika ndi wopempha kuti zifufutidwe. Zambia inapanga lamulo lake mu 2021, ndipo la ku South Africa, POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July chaka chomwecho. Kufunika kwa kusunga mosamala tinakuona tokha mu February 2024, pamene Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi anthu ofuna dipo.

Maiko ena apita patsogolo pa funso lenileni la mtengo. Lamulo la ku Ulaya la GDPR, limene linayamba mu May 2018, limati pounika ngati munthu anavomera mwaufulu, paonedwe ngati anakakamizidwa kupereka mbiri imene malondawo sakuifuna kuti alandire chimene akugula. Mu April 2025 Meta, mwini wa Facebook, inalipitsidwa mayuro 200 miliyoni ku Ulaya chifukwa chouza anthu kuti asankhe pakati pa kulipira ndalama ndi kulola kuti mbiri yawo igwiritsidwe ntchito potsatsa malonda. Ku California amalola kuchotsera, koma kusiyana kwa mitengo kuyenera kugwirizana ndi phindu lenileni la mbiriyo kwa kampani.

Maganizo anga ndi akuti kuthokoza kasitomala wobwerabwera kukhalebe kololedwa. Kuti wogulitsa adziwe kuti munthu wabwera kakhumi, kadi yopanda dzina imene amadindapo chidindo ulendo uliwonse ndi yokwanira. Chimene lamulo liletse ndi kumangirira mtengo wa zinthu zimene munthu sangakhale popanda izo, monga ufa, mchere, sopo, mankhwala, mbewu ndi feteleza, ku mbiri imene malondawo sakuifuna. Wokongoza feteleza ayenera kudziwa dzina la mlimi ndi kukula kwa munda wake, apo palibe mkangano. Wogula fodya ayenera kutsimikiza kuti ana sakugwira ntchito m'chigafa. Koma kupereka zomwezo kwa a inshulansi, kwa otsatsa malonda kapena kwa kampani ina iliyonse likhale funso lapalokha, lofunsidwa m'chilankhulo cha mlimiyo, ndipo amene wayankha kuti ayi alandire feteleza wake pa mtengo womwewo. Chilolezo chimene munthu sangachikane popanda kutaya chakudya chisamawerengedwe ngati chilolezo pamaso pa bwalo.

Za zala, nkhope ndi maso ndiye pasakhale malonda alionse. Nambala ya foni munthu atha kusintha, nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money athanso kusintha, koma chidindo cha chala chake chikabedwa alibe china chosinthira. Mbiri ya ana nayonso igwire ntchito imodzi yokha imene inatoleredwa, ndipo mwanayo akakula kapena kontirakiti ikatha ifufutidwe. Bungwe la CFTC, lomwe limayang'anira chilungamo pa malonda, likhale ndi udindo wounika ngati mtengo wa opanda kadi sunakwezedwe dala.

Zonsezi zingalembedwe bwino m'mabuku a malamulo koma osafika kwa Wimbe kapena kwa Lukwa. Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000, ndipo ochepa okha ndi amene angalembe kalata ya Chingerezi kapena kulipira basi kukadandaula kumaofesi a m'mizinda ikuluikulu. Njira yachidule ilipo. Mlimi aliyense wa fodya amalembetsa kale ku Tobacco Commission kuti apeze chilolezo ndi mlingo wake, ndipo nyengo ya msika alimi kapena atsogoleri a makalabu awo amafika pa Chinkhoma. Lamulo litha kulamula kuti kampani iliyonse, popereka chikalata cha malonda choonetsa makilogalamu, mtengo ndi zodulidwa, iperekenso tsamba limodzi m'Chichewa kapena m'Chitumbuka loonetsa zonse zimene yasunga za mlimiyo ndi banja lake, ndi maina a onse amene yawapatsako. Pamsika pomwepo pakhale tebulo la wolandira madandaulo, amene sali pa malipiro a kampani iliyonse, woti mlimi akamuonetsa mzere wolakwika aukonzetse nyengo yolembetsa ya chaka chotsatira isanafike.